Nyimbo za ku Sweden ndi kwaya yathu imene yakhala chete



Mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira ku Sweden wakhala akunditumizira pa WhatsApp nyimbo za mpikisano wa kumeneko wotchedwa Melodifestivalen. Umaonetsedwa pa kanema wa SVT chaka ndi chaka mu February ndi March. Oweruza amapereka malikisi, anthu amavota pa foni, ndipo wopambana amakaimira dzikolo ku Eurovision. Anandifunsa maganizo anga. Ndimuyankha pamaso panu, pakuti nkhaniyi ikukhudza kwaya yathu ya achinyamata, imene Masabata atatu tsopano sinaimirire m'tchalitchi chigonjereni pa mpikisano wa makwaya.

Nyimbo ya Loreen yotchedwa "Tattoo" inapambana mu 2023, n'kukapambananso Eurovision ku Liverpool. Mayiyo ali ndi mawu, sinditsutsa. Koma nditavundikira foni ndi chipewa kuti ndimve ndi makutu okha, ndinapeza kuti theka la nyimboyo latsalira m'magetsi ndi mu utsi wa pabwalo.

Ya anyamata atatu a KAJ, imene inapambana mu 2025, imatamanda kusamba m'kanyumba ka nthunzi yotentha. Ndinaseka mpaka misozi. Ife a ku Golomoti ndi Mtakataka kanyumba kotero timagonamo ulere mwezi wonse wa October! Komabe adzukulu anga, osadziwa liwu ndi limodzi lomwe la chinenerocho, anaigwira tsiku lomwelo. Limenelo ndi luso, ngakhale moyo wa munthu sungakhute nalo.

Imene inandikhalitsa pansi ndi "Voices" ya Tusse, ya mu 2021. Mnyamatayu anabadwira ku Congo, anakhala m'msasa wa othawa kwawo ku Uganda, nafika ku Sweden ali mwana, wopanda makolo pambali pake. Pomuyang'ana ndinaona ana a ku Dzaleka, ku Dowa. Nyimbo yake si yodabwitsa m'kapangidwe, koma ankaiimba ngati munthu amene anakhalapo wopanda womumvera. A ku Sweden anamusankha, koma atapita ku Eurovision ku Rotterdam anathera pa nambala 14. Nyimbo yomweyo, pakhosi pomwepo, oweruza ena. Kodi inaipa pa ulendo wa pakati pa Stockholm ndi Rotterdam?

Tsopano ndilankhule nanu, ana anga a m'kwaya. Ndamva kuti mukuti oweruza anakondera. Kapena anakonderadi, ine sindinaone mapepala awo. Koma werengani 1 Samueli 18. Sauli anasokonezeka mtima chifukwa cha nyimbo ya amayi imene inamuika pa nambala yachiwiri, ndipo kuyambira tsiku limenelo anamuyang'ana Davide ndi diso loipa. Nkhondo anapambana onse, koma malikisi anamudwalitsa. Werenganinso Machitidwe 16: Paulo ndi Sila anaimba pakati pa usiku, misana ili mabala okhaokha, mapazi ali m'matangadza, ndipo omvera awo anali akaidi anzawo.

Ifenso akulu a mpingo tili ndi mlandu. Tinasonkha ndalama za yunifolomu ndi za galimoto, tinakuuzani kuti mukabwere ndi chikho, koma palibe mmodzi wa ife anafunsa ngati agogo a kumbuyo kwa tchalitchi angathe kuitenga nyimbo yanu n'kupita nayo kudimba. Pa ichi mutikhululukire.

Dziko lomwelo la Sweden linatipatsa nyimbo imene Carl Boberg analemba mu 1885, imene pa Chingerezi imatchedwa "How Great Thou Art". Sinalowe mpikisano, koma lero ikuimbidwa pa maliro ndi pa maukwati m'zinenero zambirimbiri.

Loweruka lino 2 koloko masana ndidzakhala m'tchalitchi. Kiyibodi muisiye, magetsi angatichititse manyazi. Ndikufuna kumva nyimbo ija imene inagonja, ndipo amayi a Chigwirizano ati abwera kudzaiphunzira.