Kalabu ya Sayansi, Tiyeni Tigwire Waya Temu Ino

Anzanga, lamulo la Ohm timaliloweza mpaka kulilota, koma ndi angati mwa ife amene analionapo likugwira ntchito? Tikafunsa za mapulakitiko timayankhidwa kuti sukulu yathu ilibe labu. Zoona, ilibe. Komabe ine ndikuti kalabu ya sayansi iyambe ndi kanthu kamodzi kosaboola m'thumba: kachipangizo kosinthira liwiro la kamota.

Kumayiko akunja, anthu okonda tisitima toseweretsa amadzipangira okha kachipangizoka kuti kasitima kazinyamuka pang'onopang'ono ngati sitima yeniyeni. Ife tisitima tilibe, koma galimoto za mawaya ndiye kwathu, ndipo timamota ta m'mawailesi akaseti ndi ma DVD akufa timagwira ntchito chimodzimodzi.

Poyambira ndi pophweka. Mabatire awiri a tochi akalumikizidwa motsatizana amapereka 3 V. Ng'ambani pensulo m'litali kuti chakuda cha m'kati chionekere. Waya wochokera ku batire mumange kumapeto kwa chakudacho, wopita ku mota muziwuyendetsa pamwamba pake. Mukatalikitsa mawaya awiriwa, resistance imakula, mphamvu yodutsa imachepa, mota nkuyamba kuyenda mwaulesi. Mukawayandikitsa imathamanga. Ameneyo ndi V = IR uja, aise.

Njirayi ili ndi vuto lake, ndipo phunziro lenileni lili pomwepo. Pensulo imatentha, kusonyeza kuti batire ikuthera pachabe. Komanso liwiro likatsika kwambiri, mota imasowa mphamvu yokoka, galimoto nkuima pakamtunda kakang'onong'ono. Ndiye chifukwa chake akatswiri amagwiritsa ntchito kachipangizo kotchedwa 555. Iko kamayatsa ndi kuzimitsa magetsi kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo liwiro limatengera kutalika kwa nthawi yoyaka. Kamafuna 4.5 V kapena kuposerapo, choncho mabatire anayi akwana. Chopotokola cha voliyumu ya wailesi chimathandiza posintha nthawiyo, koma osachilumikiza ku mota mwachindunji, chikhoza kupsa. Pakati pamafunika transistor. Chenjezo lalikulu: magetsi a m'khoma ndi 230 V, amapha. Ife ndi mabatire basi.

Ena anena kuti zimenezi ndi zachibwana, sizibwera pa mayeso a MANEB. Eti? Mafunso a series, parallel ndi resistance amabwera, ndipo amene anamvapo pensulo ikutentha m'manja sangaiwale yankho. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anapanga makina a mphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14, ndi dayinamo ya njinga ndi zotoleza. Labu analibe.

Pempho langa kwa aphunzitsi athu a Fizikisi: mutipatseko ola limodzi pa sabata. Kwa anzanga, atsikana ndi anyamata omwe, funsani makolo kaye musanamasule wailesi ya kunyumba, kenako bweretsani zakufazo ku kalabu.

Wophunzira wa Fomu 3