Nayenso wothetsa banja amalira

Banja kapena chibwenzi chikatha, anthu amathamangira kwa wosiyidwa. Amamupepesa, kumulimbitsa mtima, ena mpaka kugona konko. Amene ananena kuti zathera pano palibe womuyendera. Timangoti anachita kufuna yekha, alirenji?

Komatu nayenso amalira, kungoti mobisa. Chikumbumtima chimamudya usiku akakumbukira nkhope ya mnzake tsiku limene ankalongedza zovala, kapena mwana akamufunsa kuti abambo abwera liti. Kwa ankhoswe sangakadandaule, poti iwo anayesetsa kumuletsa. Ambiri otere amathawira ku nyimbo.

Adele, woimba wa ku London, analekana ndi mwamuna wake mu 2019, ndipo khoti linathetsa ukwatiwo mu 2021. Mwini wake ananena poyera kuti ndiye anachoka, osati chifukwa cha nkhanza, koma sankasangalala m'banjamo. Mu Novembala 2021 anatulutsa chimbale chotchedwa 30, nati anachijambula kuti mwana wawo wamwamuna akadzakula adzamvetse chimene mayi ake anapasulira banja. Mu nyimbo ya My Little Love mumamveka mawu enieni a mwanayo akucheza ndi mayi ake, ndipo chakumapeto Adele akulankhula yekha misozi ili mbwembwembwe. Ine chimene chimandigwira mtima n'chakuti mayiyu sakunyoza mwamuna uja kuti adziyeretse. Akuvomera kuti anapweteka anthu amene amawakonda, ngakhale akukhulupirira kuti kuchokako kunali koyenera. Zinthu ziwirizi zimatheka pamodzi, ndipo wothetsa banja akamva wina akuziimba amapumako.

Pali chimodzi chimene sindigwirizana nacho. Masiku ano munthu amatumiza nyimbo yachisoni pa WhatsApp pakati pa usiku, kapena kuiika pa sitetasi kuti amene anamusiya uja aione, n'kumati wapepesa. Ayi ndithu. Woimbayo anaimba za milandu yake, sakudziwa zimene inu munalankhula pakhomo paja. Ndipo wolandira nyimboyo mwangomutsegula bala, poti sadziwa ngati mukufuna kubwerera kapena mwangosowa tulo.

Mverani nyimbozo, lirani mpaka mtima utsike. Mukatero, ngati pali chimene munalakwa, pitani kapena imbani foni, mukachitchule ndi pakamwa panu, osayembekezera kuti akukhululukirani tsiku lomwelo.