Mlandu suwola, koma mtembo umawola

Makolo ankati mlandu suwola. Ndi mawu otonthoza wolakwiridwa, omuuza kuti ngakhale papite zaka, ngakhale wopalamula asamukire kutsidya kwa nyanja, tsiku lidzakwana loti bwalo likhale. Pa milandu ya ng'ombe, ya ngongole kapena ya malire a munda mwambiwu ndi woona, pakuti munda suchoka pamalo pake ndipo amene anaona malire akuikidwa amakhalapobe. Koma pali mlandu wina umene mwambi womwewu watigoneka nawo tulo. Nkhalamba ikasowa pakhomo n'kudzapezeka patapita masiku itafa m'chigwa kapena m'mbali mwa mtsinje, mboni yaikulu pa nkhaniyo ndi thupi lake lomwelo, ndipo mboni imeneyi sidikira bwalo. Dzuwa la Okutobala likawomba masiku awiri atatu, zipsera za zala pakhosi sizionekanso, ndipo bala la chibonga silisiyananso ndi pamene zilombo zadya. Choncho amene amafulumira kunena kuti "agogo anali atakula kale, tiyeni tiike," pamodzi ndi amene amati "tidzafufuza maliro akatha," onsewo amathandiza wakupha, ngakhale mumtima mwawo mulibe choipa.

Umboni wa zimenezi ukupezeka ngakhale m'mayiko amene apolisi ake sadandaula za mafuta a galimoto. Mu Novembala 1988, mumzinda wa Sacramento ku California, mayi wina wogwira ntchito yothandiza anthu ovutika anakauza apolisi kuti bambo wina wodwala maganizo amene ankamuyang'anira wasowa. Bamboyo ankakhala panyumba ya Dorothea Puente, mayi wa imvi amene ankasunga okalamba ndi olumala pa lendi. Apolisi atakumba pabwalo la nyumbayo anapeza mitembo 7. Enawo anali atasowa kalekale popanda wowafunafuna, ndipo ndalama zimene boma linkawatumizira mwezi ndi mwezi ankatenga ndi Puente. Oyandikana naye anali atadandaulapo za fungo, koma analandira zifukwa zimene anawapatsa. Ngakhale kukumba kutayamba, apolisi anamulola kuti apite kukamwa khofi pa hotela yapafupi, iye n'kuthawira ku Los Angeles komwe anakagwidwa patapita masiku ochepa. Chofunika kwambiri pa nkhaniyi ndi mathero ake. Anazengedwa mlandu wopha anthu 9, koma mu 1993 khoti linamupeza wolakwa pa atatu okha. Mitembo inali itawonongeka kwambiri moti madokotala sanathe kunena motsimikiza chimene chinapha aliyense. Mankhwala ogonetsa anapezekamo ndithu, koma maloya ake anati anthuwo anafa okha ndi matenda awo, ndipo kulakwa kwa mayiyo kunali kubisa mitembo kuti azidyabe ndalama. Pa anthu 6 otsalawo oweruza sanagwirizane chimodzi. Mlandu unalipo, wopalamula analipo, koma umboni unali utathera m'dothi.

Nkhani ya Harold Shipman, dokotala wa m'tauni ya Hyde pafupi ndi Manchester, ikuonetsa mbali inanso. Iyeyu sankabisa mitembo, chifukwa anali ndi pobisalira pabwino koposa dzenje: zaka za anthu amene ankawapha. Mu Malichi 1998, dokotala mnzake Linda Reynolds, atamva nkhawa za ogwira ntchito yokonza maliro, anakauza akuluakulu ofufuza za imfa kuti odwala a Shipman akumwalira mochuluka modabwitsa. Okonza malirowo anaona kuti ambiri anali amayi achikulire okhala okha, opezeka atafa ali chikhalire pampando, atavala bwinobwino. Apolisi anafufuza mwachiphamaso n'kutseka nkhaniyo mu Epulo, ndipo Shipman anapha anthu ena atatu. Womaliza anali Kathleen Grundy wa zaka 81, amene anamwalira pa 24 Juni 1998. Pa chikalata cha imfa dokotalayo analemba kuti wafa ndi ukalamba. Chimene chinamuulula ndi dyera: panatuluka wilo yabodza yomusiyira chuma cha mapaundi 386,000, ndipo mwana wamkazi wa malemuyo, yemwe anali loya, anakana kuikhulupirira. Mtembo utafukulidwa mu Ogasiti, munapezeka mankhwala a morphine okwanira kupha munthu. Pa 31 Januwale 2000 Shipman anapezeka wolakwa pa kupha anthu 15, ndipo kafukufuku wa boma amene anatsogolera Dame Janet Smith anapeza mu 2002 kuti anapha anthu osachepera 215. Ambiri mwa amenewa mitembo yawo inali itawotchedwa kale monga amachitira kumeneko. Mayi Grundy akanawotchedwa nawonso, sipakanakhala chofukula.

Anthu awiriwa sanadalire nzeru zapadera. Anadalira ife otsala, ndi chizolowezi chathu chomva za imfa ya nkhalamba n'kugwedeza mutu kuti nthawi yake inakwana. Mnyamata wa zaka 20 akapezeka atafa pampando, mudzi wonse umafunsa. Gogo wa zaka 80 akapezeka chimodzimodzi, timathokoza kuti wapita mwamtendere. Dziko la England ndi Wales linatenga zaka zoposa 20 kuti likonze mpata umenewu; kuyambira mu Seputembala 2024, imfa iliyonse imene sikufufuzidwa ndi akhoti iyenera kuunikidwa ndi dokotala wina wosakhudzidwa ndi wodwalayo chikalata chisanatuluke.

Kwathu kuno timakonda kunena pamisonkhano kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma taonani zimene zimachitika agogo akapanda kubwera kuchokera kudimba. Usiku woyamba apabanja amati mwina agona kwa mwana wawo kumudzi wina. Tsiku lachiwiri amatuma mdzukulu kukaona. Kupolisi amapita tsiku lachitatu kapena lachinayi, ngati apita n'komwe, ndipo mtembo ukapezeka umakhala woti sungagonenso m'nyumba, kotero manda amakumbidwa tsiku lomwelo. Komatu zifukwa zoti munthu aphere nkhalamba sizisowa. Munda umene agogo akukana kugulitsa ulipo, nyumba ya m'tauni imene ana akuiyang'ana ndi diso lofiira ilipo, tindalama ta Mtukula Pakhomo kapena ta penshoni tilipo, ndipo pamwamba pa zonsezi pali mphekesera za ufiti. Mu Januwale 2016, m'dera la Mfumu Yaikulu Dambe ku Neno, anthu anayi okalamba anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo atawanamizira kuti ndi amene anatumiza mphezi imene inapha mtsikana wina. Bungwe la MANEPO, loona za ufulu wa anthu achikulire, chaka ndi chaka limalengeza za ena ophedwa mwa njira yomweyi. Amenewo ndi ophedwa masana, khamu likuona. Dziko limene anthu amalimba mtima kupha nkhalamba poyera lilibe chifukwa chokhulupirira kuti aliyense wopezeka atayandama pamtsinje anachita kuterereka.

Malamulo si kuti kulibe. Lamulo la Inquests Act limafuna kuti imfa yadzidzidzi, yachiwawa kapena yosadziwika chiyambi chake inenedwe, ndipo limapatsa khoti mphamvu yolamula kuti mtembo upimidwe, ngakhale kufukulidwa kumene. Lamulo la ufiti la 1911 limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Ndipo tikudziwa mphamvu ya kupima mtembo. Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic, atapezeka atafa mu Seputembala 2011, apolisi anati wadzipha. Zimene anapeza Dr Charles Dzamalala pathupi pake zinatsutsa zimenezo, ndipo komiti yofufuza imene inakhazikitsidwa mu 2012 inapeza kuti anachita kuphedwa. Chasowa anali wachinyamata, wodziwika, wokhala ndi anthu omulankhulira. Lamulo limene linafunsa za imfa yake silitchula zaka za womwalira.

Wina adzati ndikukuza nkhani, pakuti okalamba amasocheradi ndipo amafadi okha. N'zoona, ndipo mwina ambiri mwa osowawo ndi otero. Matenda oiwalaiwala a muukalamba amadzutsa munthu m'bandakucha n'kumuyendetsa ulendo wopita kumudzi umene anachokako ali mtsikana. Mtima umaima, shuga amatsika, phazi limaterereka pamwala. Koma mfundo imeneyi ikuthandiza mbali yanga. Popeza imfa yachilengedwe ndi imfa yochita kupangidwa zimafanana chonchi pa munthu wokalamba, maso okha sangazisiyanitse, ndipo mpongozi wolira kwambiri pamaliro si umboni wa chilichonse. Dokotala angathe kuona ngati munthu analowa m'madzi akupuma kapena anaponyedwamo atafa kale, ngati fupa la mutu linasweka pamwala kapena ndi chitsulo, bola aone thupilo nthawi isanathe. Tisaiwalenso kuti gogo wosochera uja, akapezeka m'mawa pakhomo la eni m'mudzi wachilendo, ali mbulanda, osatha kunena dzina lake, anthu ena amati ndi mfiti yagwa pa lichero. Kusochera kumene kunayamba ngati matenda kungathere m'manja mwa anthu, ndipo amene anachita zimenezo sangapite kukanena.

Mfundo yolemera kwambiri yonditsutsa ndi yakuti kukayikira imfa iliyonse kudzawonjezera moto m'midzi imene kale imakhulupirira kuti munthu safa popanda womulodza. Ndikuimva nkhawa imeneyi, koma ikulakwitsa poganiza kuti apolisi akapanda kufunsa ndiye kuti palibe amene afunse. Funso loti "wawapha ndani" limafunsidwa ndithu, kuseri kwa nyumba ya siwa, pamoto wa usiku, ndiponso kwa sing'anga. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko yankho limagwera munthu wosauka, wamasiye, wopanda ana aamuna omutchinjiriza, kawirikawiri nkhalamba inanso. Safunsa anadya phula, koma wofunsa kolakwika amadyetsa phula mudzi wonse. Pepala la kuchipatala lonena kuti malemu anafa ndi mtima limamasula mpongozi amene akanatha moyo wake wonse akulozedwa zala, ndipo lonena kuti anapotoledwa khosi limachotsa nkhaniyo m'manja mwa owombeza n'kuipereka kwa anthu ofunsa za nthawi, za mapazi ndi za ndalama. Kufufuza kumateteza osalakwa ambiri kuposa amene kumawagwira.

Palinso za ndalama ndi za mwambo. Madokotala odziwa kupima mitembo pa milandu ndi owerengeka m'dziko muno, nyumba zachisoni zili kuzipatala zikuluzikulu, ndipo banja losauka silingathe kudyetsa anamalira sabata yathunthu podikira galimoto ya apolisi. Abale athu achisilamu amaika maliro mwamsanga monga chipembedzo chawo chimafunira, ndipo mabanja ambiri a mipingo ina amanyansidwa ndi ganizo loti thupi la mayi wawo ling'ambidwe. Sindikunena kuti gogo aliyense womwalira pamphasa pake, ana ake akumuona, atadwala miyezi, apite naye kukapimidwa. Ndikunena za amene anasowa kenako n'kupezeka atafa, amene anafa ali yekha dzulo lake atalima bwinobwino, amene anali pa mkangano wa malo kapena anali atatchulidwapo za ufiti. Amenewa si ochuluka moti boma lingalephere, ndipo kuchedwetsa maliro tsiku limodzi n'kopepuka poyerekeza ndi kufukula manda patapita miyezi, zomwe ndi zowawa kwa banja ndiponso zopereka mayankho ochepa.

Zambiri zofunika pa maola oyambirira sizilira ndalama n'komwe. Nkhalamba ikapanda kugona pakhomo, mfumu ndi a chitetezo cha m'mudzi ayenera kumva usiku womwewo, ndipo apolisi m'mawa mwake. Manyazi oti tidzaoneka opusa agogo akatulukira ndi aang'ono. Mtembo ukapezeka, usasunthidwe, usasambitsidwe, ndipo usabayidwe mankhwala oumitsa apolisi ndi achipatala asanauone, chifukwa mankhwala amenewo amasokoneza kufufuza za poizoni. Foni ya m'manja imene ili m'thumba la mnyamata aliyense ingajambule mmene thupi lagonera, zovala, nkhuni kapena khasu limene ananyamula, ndi mapazi a pamatope khamu lisanapondeponde. Wina alembe amene anawaona komaliza, nthawi yanji, akulowera kuti, ndiponso kumene kuli khadi lawo lolandirira ndalama.

Ku Hyde oyamba kuona kuti zinthu sizili bwino sanali apolisi kapena maprofesa, koma anthu ogwira mitembo. Kwathu anthu amenewo ndi adzukulu ndi amayi achikulire osambitsa maliro. Iwowa aona matupi ambiri kuposa wapolisi wa pa yuniti, ndipo amadziwa kusiyanitsa thupi la munthu wodwala ndi la munthu womenyedwa. Vuto n'lakuti mwambo unawaphunzitsa kuti zimene aona m'nyumba ya maliro sizituluka kunja, ndipo amaopa kudana ndi banja limene adzakumane nalo mawa kuchigayo. Apa ndi pamene mfumu ili ndi mphamvu imene ngakhale nduna ilibe, pakuti manda sakumbidwa iyo isanalole. Pa imfa ya wokalamba amene anasowa, mfumu iitane osambitsa aja paokha, popanda wachibale aliyense, iwafunse chimene aona pakhosi, kumsana ndi m'manja mwa malemu, ndipo ikamva chokayikitsa iuze adzukulu kuti makasu adikire kaye mpaka apolisi afike.