Kodi Sukulu ya Mlendo Imasanduka Yathu Liti?

Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mwambi umenewu ndimaukumbukira ndikaganizira za sukulu ya sekondale ya Waterford Kamhlaba, yomwe ili paphiri pafupi ndi mzinda wa Mbabane, m'dziko la Eswatini.

Sukuluyi inatsegulidwa m'chaka cha 1963 ndi mphunzitsi wa ku Britain, Michael Stern. Iye anali mphunzitsi wamkulu ku Johannesburg, koma ataona mmene boma la tsankho linkalekanitsira ana potengera khungu, anawoloka malire n'kukayambitsa sukulu ku Swaziland, monga dzikolo linkatchulidwira panthawiyo. Anayamba ndi anyamata 16 okha a mitundu yosiyana, odyera pamodzi ndi kugona m'nyumba imodzi, chinthu chimene malamulo a South Africa ankakana. Zenani ndi Zindzi, ana a Nelson Mandela, anaphunzira pamenepo atate awo ali m'ndende. Ana a Desmond Tutu anadutsanso pamenepo, chimodzimodzi Ian Khama, amene pambuyo pake anadzakhala pulezidenti wa Botswana.

Ena mwa ife amati sukulu iliyonse yoyambitsidwa ndi mzungu ndi chida cha utsamunda basi. Ine sindivomereza kwathunthu. Chimene chimaweruza sukulu si kumene mwini wake anabadwira, koma amene sukuluyo imamutsegulira khomo, ndi mmene imadzichepetsera pamaso pa eni nthaka. M'chaka cha 1967 Mfumu Sobhuza II inaipatsa sukuluyi dzina la Chiswati lakuti Kamhlaba, lotanthauza "ya dziko lapansi". Kwathu kuno, mlendo akapatsidwa dzina ndi mfumu, ndiye kuti walandiridwa pamudzi. Mu 1981 sukuluyi inalowa m'gulu la United World Colleges, ndipo lero imalandira ophunzira ochokera m'mayiko ambiri.

Komabe tisakhutire ndi mbiri yokomayi. Mpanda wa khungu unagwa, koma m'sukulu zambiri zoterezi m'chigawo chathu mwamera mpanda wina: wa ndalama. Waterford imathandiza ophunzira ena osowa fizi, ndipo tiyamike. Koma tifunse za sukulu za mtundu umenewu zimene zili ku Lilongwe, Lusaka ndi Maputo. Kodi mwana wanzeru wa mlimi wa ku Dedza, Katete kapena Angónia angalowemo? Akalowamo, kodi adzatuluka akuthabe kupatsa agogo ake moni m'Chichewa popanda manyazi?

Stern anamenyana ndi tsankho la m'nthawi yake. Lathu ndi la mthumba ndi la chilankhulo. Inu makolo amene mumalipira fizi m'sukuluzi, funsani pamsonkhano wa makolo kuti ndi ana angati osauka amene akuphunzira mwaulere, ndiponso ngati chilankhulo chathu chili ndi malo m'kalasi. Sukulu imene yayankha bwino mafunso awiriwa, imeneyo ndi yathu, ngakhale anaiyambitsa ndi mlendo.