Wanthabwala akalira, tizimumvera

Pa 11 Okutobala 1991, mu mzinda wa Los Angeles ku America, gulu la anthu a zisudzo lidali pa ntchito yoyeserera sewero la pa televizau lotchedwa The Royal Family. Mwadzidzidzi mkulu wina wa zaka 68, yemwe adali mzati wa sewerolo, adagwa pansi. Amene adali pafupi sadadzidzimuke msanga ayi. Iwo ankati mkuluyo wayamba zake zija, pakuti kwa zaka zambiri adadya ndalama za kugwira pamtima ndi kunamizira kufa. Atazindikira kuti lero si masewera, adathamangira naye kuchipatala, koma usiku wa tsiku lomwelo adatsikira kuli chete. Mkulu ameneyu ndi malemu Redd Foxx.

Anthu ambiri akamafotokoza mbiri ya a Foxx amaimaliza ndi phunziro limodzi lokha, lakuti adali munthu womwaza chuma, amene adagwira ndalama zambiri nkufa ali ndi ngongole. Zimenezo nzoona ndipo sindizibisa. Koma ine ndikuona phunziro lina limene limasiyidwa m'mbuyo. Munthu akazolowereka kuti ndi wanthabwala, anthu amaleka kumumva akamalankhula zenizeni. Akapempha malipiro ake amati akuchita matama, akadandaula amati ndi sewero lina, ndipo akagwa pansi amadikira kuti adzuke kuti amuombere m'manja. A Foxx adakumana ndi zonsezi pa moyo wao.

Dzina lao lenileni adali John Elroy Sanford. Adabadwa pa 9 Disembala 1922 mu mzinda wa St. Louis, nakulira ku Chicago m'banja losauka limene bambo adalithawa ana ali aang'ono. Ali mnyamata adasiya sukulu nkupita ku New York kukasaka moyo, kumene ankaimba m'misewu ndi anzake ndi kugwira maganyu. Ku Harlem adatsukapo mbale m'nyumba yodyera, ndipo kumeneko adadziwana ndi mnyamata wina wotchedwa Malcolm Little, amene dziko lidadzamudziwa ndi dzina lakuti Malcolm X. Poti onse awiri adali ofiirira, anzao ankawasiyanitsa ndi mizinda imene adachokera: wina Chicago Red, wina Detroit Red. Dzina la Redd lidachokera pamenepo, ndipo la Foxx adalibwereka kwa katswiri wina wa mpira wa baseball, Jimmie Foxx.

Masiku amenewo tsankho lidali lamphamvu ku America. Munthu wakuda wanthabwala sankaloledwa kawirikawiri kuima pamaso pa azungu m'nyumba zao zachisangalalo, choncho ankangozungulira m'mabala ndi m'maholo a anthu akuda okhaokha, lero mzinda uno mawa mzinda wina, malipiro ake ochepa. A Foxx adayenda njira imeneyi kwa zaka zambiri, nthawi ina ali awiri ndi mnzao Slappy White. Cha m'ma 1956 kampani ya Dootone ya ku Los Angeles idayamba kujambula nthabwala zao pa mbale za galamafoni. Nthabwalazo zidali zolaula, zosayenera kumvera pali ana kapena apongozi, kotero kuti wailesi sizinkaziulutsa ndipo masitolo ambiri ankazigulitsa mobisa. Ngakhale zidali choncho mbalezo zidagulidwa kwabasi, ndipo adajambula zoposa 50. Anthu akuda ankawadziwa a Foxx nyumba ndi nyumba pamene azungu ambiri adali asadamvepo ndi dzina lomwe.

Mwayi waukulu udawapeza mochedwa. M'chaka cha 1970 adaoneka mu filimu yotchedwa Cotton Comes to Harlem ngati nkhalamba yogulitsa sukata, ndiye kuti zitsulo zakutha ndi katundu wotayidwa. Akuluakulu awiri okonza masewero, Norman Lear ndi Bud Yorkin, adali atatenga sewero lina la ku Britain, Steptoe and Son, kuti alisandutse la Chimereka, ndipo mbali ya bambo wa m'seweromo idapita kwa a Foxx. Motero pa 14 Januwale 1972 kampani ya NBC idayamba kuonetsa Sanford and Son, nkhani ya mdala wogulitsa sukata ku Watts, dera la anthu akuda ku Los Angeles, amene mkazi wake adamwalira ndipo amakhala ndi mwana wake wamwamuna, Lamont. Dzina la mdalayo, Fred Sanford, a Foxx adalitenga kwa mkulu wao weniweni amene adali atamwalira kale.

Apa ndi pamene tiyenera kuona kuti nthabwala ndi ntchito yofuna luso ngati ukalipentala. A Foxx adali ndi zaka 49, koma ankasewera nkhalamba ya zaka 65. Ankayenda motsimphina miyendo ili tang'a, mawu ali osasa, ndevu zili mbuu, mpaka oonera ambiri adakhulupirira kuti ndi mdala weniweni. Fred Sanford adali waulesi, wabodza, wamwano ndi wokonda timachenjera topezera ndalama mwachangu. Koma pansi pa zonsezi padali chinthu chimodzi chimene kholo lililonse lokalamba lingachimve: mantha akuti mwana adzachoka nkumusiya yekha pakati pa zitsulo. Ndiye Lamont akangoti ndikupita, mdalayo ankagwira pachifuwa, nkuyamba kudzandira, maso kumwamba, akuitana malemu mkazi wake Elizabeth kuti akubwera komweko. Anthu ankaseka mpaka misozi. Kuseketsa anthu ndi mantha a imfa ndi a kusiyidwa wekha, sabata ndi sabata kwa zaka zisanu, osawatopetsa, si chinthu chimene munthu angangodzuka nacho. Sewerolo lidafika pa nambala yachiwiri mwa masewero okondedwa m'dziko lonselo, ndipo a Foxx adalandira nalo mphotho ya Golden Globe.

Atakwera pamwamba sadagwetse makwerero. Adaitana anzao a m'mabala aja, anthu amene makampani a televizau sankawadziwa, kuti adzadye nao. Slappy White adalowamo. Mayi LaWanda Page, amene adadziwana nao kuyambira ku St. Louis, adapatsidwa mbali ya Esther, mlamu wa Fred, mayi wa Baibulo m'manja ndi lilime lakuthwa. Poyeserera koyamba mayiwa adavutika popeza ntchito ya pa televizau adali asadaizolowere, ndipo eni sewero adafuna kuwachotsa. A Foxx adanenetsa kuti mayiwo akachoka iwonso achoka. Mayi Page adakhala, ndipo kulalatirana kwa Fred ndi Esther ndi kumene anthu amakukumbukira mpaka lero. Nayenso Pat Morita, mdala wa karate uja ambiri tidamuona m'nyumba za vidiyo mu filimu ya The Karate Kid, adadutsa m'sewero lomweli asadatchuke, ndipo ankasimba yekha kuti a Foxx adamuthandiza ndi ndalama pamene ankafuna kugula nyumba. Richard Pryor ndi Paul Mooney, anyamata akuda anthabwala, adalembako magawo ena a seweroli pa nthawi imene olemba ambiri adali azungu.

Tsono m'chaka cha 1974, sewero lili pa chimake, a Foxx adanyanyala ntchito. Ankafuna malipiro oyenera ndiponso gawo la phindu limene sewerolo linkabweretsa, ndipo ankadandaula ndi m'mene ankawasungira pa ntchito. Mwa madandaulo onsewo, limene anthu adalitola nkumaseka nalo ndi lakuti chipinda chao pa ntchitopo chidalibe zenera. Nkhani idasanduka yakuti wanthabwala wakula mtima, akulirira zenera. Eni sewero adawasumira kubwalo la milandu kufuna madola 10 miliyoni, ndipo sewero lidapitirira popanda iwo, ati Fred wapita kumaliro ku St. Louis, pakhomo pakusunga mnzake Grady. Pomaliza adagwirizana kuti a Foxx azilandira madola 25,000 pa gawo lililonse, mofanana ndi Carroll O'Connor, mzungu amene ankatsogolera All in the Family, sewero lina la kampani yomweyo, kuphatikizapo gawo la phindu.

Tsopano inu awerengi, taganizani bwino. Ngati ndalamazo zidapezeka atanyanyala, ndiye kuti zidalipo kale. Munthu amene nkhope yake ndi mawu ake zinkalemeretsa kampani adayenera kutaya makasu pansi kuti amufananize ndi mnzake wa ntchito yomweyo. Akadakhala mlimi wa fodya wokana mtengo wachinyengo tikadamutcha wolimba mtima. Koma poti adali wanthabwala, chimene chidatsala m'makutu mwa anthu ndi zenera. Paja amati mbewa ya manyazi idafera kudzenje. A Foxx adakana kufera kudzenje, ndipo pa ichi chokha ine ndikuti adachita bwino.

Koma tisawayeretse ngati mngelo. M'chaka cha 1977 adasiya Sanford and Son nkupita ku kampani ya ABC kukayamba pologalamu yaoyao, imene idatha patangopita miyezi yochepa. Adayesa kuukitsa Fred Sanford mu 1980, koma moto udali utazilala, ndipo sewerolo lidatsekedwa mu 1981. Ndalama zolowa zidachepa, koma moyo wapamwamba sudachepe: magalimoto ambirimbiri, mphete ndi mikufu ya golide, juga ya ku Las Vegas, ndi dzanja lopatsa mosawerenga. Adakwatira kanayi, ndipo maukwati atatu amene adatha adawadyera chuma. Mu 1983 adakadzinenera okha kubwalo la milandu kuti alephera kubweza ngongole. Choipitsitsa, sankalipira msonkho. Pa 28 Novembala 1989 anthu a IRS, nthambi ya boma la America yotolera msonkho, adafika pakhomo pao ku Las Vegas nkulanda nyumba, magalimoto, mipando ndi zokometsera zao chifukwa cha ngongole yoposa madola 700,000. Apa palibe wina womuloza chala. Msonkho ndi lamulo, ndipo amene amadziwa kuwerengera phindu la kampani mpaka kunyanyala ayenera kudziwanso kuwerengera zake. Walira mvula walira matope.

Wina anganene kuti, nanga si pomwepo, munthu wotereyu ngomumvera chisoni chifukwa chiyani? Yankho langa ndi lakuti kulakwa kwa mu 1989 sikufafaniza chilungamo cha mu 1974. Wantchito amene amamwera malipiro ake ngolakwa ndithu, koma zimenezo sizipatsa bwana ufulu womulipira moperewera. Ndiponso dzanja lomwe lidamwaza chumalo ndi lomwe lidakoka LaWanda Page ndi anzake kuwachotsa mumdima. Tikamawerenga zimene adataya, tiwerengenso anthu amene adawaimika.

Kupatsa nkuika, adatero akale. Pamene zinthu zidavuta, amene adatambasula dzanja ndi mnyamata wa m'badwo wotsatira, Eddie Murphy, amene adakula akusirira luso lao. Iye adawaika mu filimu yake ya Harlem Nights mu 1989 pamodzi ndi Richard Pryor ndi mayi Della Reese, ndipo kampani yake ndi imene idakonza The Royal Family, m'mene a Foxx ankasewera ngati wamtengatenga wa makalata wopuma pa ntchito ku Atlanta, mayi Reese ali mkazi wao. Sewerolo lidayamba kuonetsedwa mu Seputembala 1991 ndipo lidalandiridwa bwino. Pa msinkhu umene anzao ambiri amakhala akusewera ndi adzukulu, iwo adali akugwirabe ntchito, ngongole ya boma ili pakhosi. Sipadathe mwezi, nthenda ya mtima ija adaisewera kosawerengeka idabwera yeniyeni. Ngakhale maliro ao ku Las Vegas adalipira ndi Eddie Murphy yemweyo.

Anzao amene adaima nkumaonerera tsiku lija sindikuwaimba mlandu. Aliyense wa ife akadachita chimodzimodzi, pakuti ndi a Foxx eni ake amene adaphunzitsa dziko lonse kuseka iwo akagwira pamtima. Koma chithunzi chimenechi chisatichoke m'maso, chifukwa anthu a mtundu wa a Foxx tili nao pakati pathu. Alipo amene amatiseketsa pa ukwati, pa wailesi, ndi m'magulu a zisudzo oyenda m'midzi. Timawaitana pa chisangalalo, koma ikafika nthawi ya malipiro timawauza kuti adye nsima azipita, ngati kuti kuseketsa anthu si thukuta. Akatiuza kuti kunyumba kulibe ufa timati ameneyu ndiye sasowa chonena.

Kwa anthu a luso limeneli ndikuti: funsani malipiro anu mosachita manyazi, lemberanani pa pepala musadayambe ntchito, ndipo zimene mwalandirazo sungani ndi kupereka za boma nthawi ikadalipo, pakuti m'manja mwa oonera simukhalitsa. Kwa ife oonera ndikuti: munthu amene amatichotsa nkhawa nayenso ali ndi zake. Tsiku limene adzalankhule nkhope ili gwaa, tiyambe tamumvera, kuseka kubwere pambuyo.