Loya timufune tisanasaine

Ambiri a ife timakumbukira loya nyumba italandidwa kale. Nkhani zathu timayamba nazo kwa ankhoswe, kwa amfumu kapena kwa atsogoleri achipembedzo, ndipo n'koyenera kutero. Mbuzi ikadya chimanga cha mnansi, kapena abale akasemphana pa thumba la feteleza, bwalo la m'mudzi limaweruza msanga ndipo ubale sutha. Koma nkhani ikangofika papepala lofuna siginecha kapena chidindo cha chala chanu, yafika pofunika munthu wodziwa malamulo.

Taganizani za katapila. Munthu wapanikizika ndi fizi ya mwana, wakongola ndalama, ndipo wokongozayo akumusainitsa kalata yonena kuti wagulitsa nyumba, ati n'chikole chabe. Tsiku lobweza likadutsa, pepalalo ndilo lidzayankhule kukhoti, ndipo zimene anagwirizana pakamwa zidzavuta kuzitsimikiza. Loya akanaliwerenga kwa mphindi zochepa akanamuletsa. Safunsa anadya phula. N'chimodzimodzi pogula malo: musapereke ndalama musanadziwe ngati wogulitsayo alidi ndi mphamvu zogulitsa, poti malo a makolo ali ndi lamulo lakelake la 2016.

Chuma cha masiye ndiye chimaliritsa ambiri. Lamulo la 2011 likuti munthu akamwalira osasiya wilo, chumacho chipite kwa mkazi kapena mwamuna wake, ana ndi ena amene ankadalira malemuyo, ndipo kulanda chuma chotere ndi mlandu. Msilamu amene akufuna kuti chuma chake chidzagawidwe motsata chiphunzitso cha chipembedzo chake asangodalira kuti abale adzamvana pa maliro. Alembe wilo, asaine pamaso pa mboni ziwiri, ndipo loya aione kuti isadzakanidwe. Kulemba wilo sikuitana imfa.

Nkhani zina zimathamanga ndi nthawi. Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ali ndi miyezi itatu yokadandaula ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake. Womangidwa ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48, monga likunenera gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino, ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere. Chisamani cha khoti chikabwera, musachibise pansi pa mphasa, chifukwa mlandu ukhoza kugamulidwa inu kulibe.

Wina anena kuti loya ndi wa anthu a ndalama, ndipo sakunama kwenikweni. N'chifukwa chake boma linakhazikitsa Legal Aid Bureau, nthambi yoimirira anthu osauka pa milandu, imene ili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba komanso m'maboma ena. Vuto ndi lakuti maloya ake ndi ochepa poyerekeza ndi anthu owafuna, ndipo mayi wamasiye wa kumudzi amafooka ndi mtengo wa basi asanafike n'komwe pakhomo la ofesi.

Ndalama zoyendetsera nthambiyi zimavomerezedwa ku Nyumba ya Malamulo, ndi aphungu amene timawasankha. Woimira chipani akabwera m'dera lanu ndi malonjezo a milatho ndi mijigo, mufunseninso: kodi ofesi ya Legal Aid yapafupi ili kuti, ili ndi maloya angati, nanga iyeyo adzanenapo chiyani pa tsiku lokambirana bajeti?