Kodi Mpira Udzatsika Liti Khwekhwelere?

Ndisanaweruze mlandu wa anzanga ndiyambe ndaulula wanga: ine ndine wa Maule. Ndinakulira m'nyumba imene wailesi inkatsegulidwa mwaulemu Loweruka masana, ana tonse tili chete pamphasa, bambo atayika khutu pafupi kuti asaphonye liwu ndi limodzi lomwe la a Steve Liwewe Banda pa MBC. Bwalo la Kamuzu ku Blantyre ndinaliona ndi maso ndili kale ku koleji, koma ndinali nditalidziwa ndi makutu kuyambira ndisanathe kuwerenga. Choncho zimene ndinene pano zikuchokera kwa munthu amene mpira unamusowetsapo tulo.

Zaka zingapo zapitazi ife a Bullets tinazolowera kudya zonona. Kuyambira 2018 kufika 2023 chikho cha ligi yaikulu chinabwera kwathu kasanu motsatizana, ndipo mu 2023, timu ili m'manja mwa Kalisto Pasuwa, tinasesa zikho zinayi m'chaka chimodzi. Tinkayenda pamsika wa Golomoti mapewa ali m'mwamba. Kenaka mu 2024 Silver Strikers ya ku Lilongwe inatilanda ligi, ndipo chowawa koposa chinali chakuti amene anaitsogolera anali Peter Mponda, mwana wa m'nyumba mwathu momwe, yemwe kale anali kaputeni wa Bullets. M'chipinda cha aphunzitsi anzanga a Manoma, amene panthawiyo anali asanalawe ligi chiyambire 2017, anandiseka sabata yathunthu ngati kuti apambana ndi iwo. Ndinapirira. Mumtima ndinkadziwa kuti ligi imene wopambana wake amadziwika isanayambe imagwetsa ulesi, ndipo kugwa kwathu kunaupatsa mpira wa dziko lino mchere.

Koma tsiku lina m'masiku akusekedwawo, ndikuchokera kuntchito, ndinaima pambali pa bwalo la sukulu ina ya kuno kuchigwa. Mbuzi zinali kudya pakati pa bwalo. Golo imodzi inali itagwa, chiswe chitaimaliza. Inayo inatsala mtengo umodzi woimirira ngati chizindikiro cha malire a munda. Njira ya ngolo inali itadula bwalolo pakati. Pamenepo ndinadzifunsa kuti: zikho zonsezi zimene timakanganirana kuyambira ku Mua mpaka ku Mtakataka, n'chiti chimene mwana wa kuno anachigwirako? Tikuombera m'manja zokolola za m'minda ya eni, wathu munda uli thengo.

Wina anena kuti ndikuiwala Dedza Dynamos. Sindikuiwala ayi. Timuyi inalowa mu ligi yaikulu mu 2022, ndipo boma lathu, limene linkangodziwika ndi mbatata ya kachewere ndi kuzizira, linayamba kutchulidwa pa wailesi Loweruka masana. Mu 2023 Clement Nyondo, akusewerera timu yomweyi, anaposa osewera onse a mu ligi pomwetsa zigoli, kenaka anapita ku Wanderers. Ena anadandaula kuti matimu akuluakulu amangokolola pamene sanalime. Ine sindidandaula nawo. Mnyamata akapeza msipu wobiriwira apite, pakuti masiku a wosewera mpira ndi owerengeka. Chimene nkhani ya Nyondo inatiphunzitsa n'chakuti timu ya kuboma, yopanda chuma cha banki kapena cha kampani yaikulu ya mumzinda, ikhoza kutulutsa wosewera woopedwa m'dziko lonse.

Vuto n'lakuti Dedza ndi maiko awiri. Bwalo la Dynamos lili kumtunda, kuboma, kumene anthu amavala majuzi mu Juni. Ife tili kunsi kwa phiri, kudziko la malambe ndi migwalangwa, kumene dzuwa la Okutobala limawotcha ndi mapazi omwe. Munthu wa ku Mtakataka wofuna kukaonera timu ya boma lake ayenera kufika ku Golomoti, kukwera msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere mpaka pa Masasa, n'kulowa mu M1. Akawerengera ndalama ya galimoto, ya pakhomo ndi ya chakudya, amapeza kuti ndi bwino kungogula mabatire a wailesi. Mwa ophunzira anga amene amadziwa mayina a osewera a Arsenal mpaka okhala pabenchi, n'ochepa zedi amene anaonapo masewero a ligi yathu ndi maso awo.

Komatu kukhala kunsi kwa phiri sikuti ndi tsoka. Gabadinho Mhango, amene anamwetsa zigoli ziwiri pogonjetsa Zimbabwe mu Januwale 2022 ku Cameroon, nadzaponya mpira uja kuchokera kutali umene unadabwitsa goloboyi wa Morocco, anabadwira ku Chiweta m'boma la Rumphi, malo a m'mphepete mwa nyanja okhala pansi pa phiri ngati kwathu kuno. Usiku umenewo Flames inagonja ndi zigoli 2 kwa 1, koma kanali koyamba kuti dziko lathu lidutse ndime ya m'magulu pa mpikisano wa maiko a mu Africa, ndipo kuno kwathu anthu anakuwa mpaka agalu anasokonezeka. Tabitha ndi Temwa Chawinga nawonso ndi ana a kumudzi ku Rumphi. Mu 2023 Temwa anathandiza Scorchers kutenga chikho cha COSAFA pogonjetsa Zambia, ndipo mu 2024 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya amayi ya ku America, ali ku Kansas City Current. Ngakhale mchenga wa kunyanja uli ndi mpira wakewake: mu 2022 timu ya dziko lino ya mpira wa pamchenga inakapikisana ndi maiko a mu Africa ku Vilankulo m'dziko la Mozambique. Mchengawo kuno tili nawo, ndipo sitigula.

Nanga chasowa n'chiyani? Makolo athu akamasimba za Flames imene inatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979, masiku a Kinnah Phiri, amasimbanso chinthu china chimene ife sitichimvetsera: kuti panthawiyo sukulu ikamakumana ndi sukulu inzake mudzi wonse unkasonkhana, ng'oma zili pambali, ndipo mphunzitsi wa zamasewero ankalemekezedwa ngati wa masamu. Mwana ankayamba ndi chikulunga pabwalo la mfumu, n'kufika m'timu ya sukulu, n'kuoneka pa mpikisano wa boma. Makwerero analipo. Lero mtanda woyamba wa makwererowo ndiwo wathyoka, ndipo authyola si akuluakulu a FAM ku Chiwembe. Tauthyola ndife aphunzitsi.

Ndikunena ndi manyazi, chifukwa inenso ndili momwemo. Chaka china ndinapatsidwa udindo woyang'anira masewero pasukulu. Mipira inalipo iwiri, umodzi wobooka. Masana a Lachitatu, amene pandandanda analembedwa kuti ndi a masewero, ndinkawasandutsa a kubwereza maphunziro a Fomu 4, ndipo palibe anandidzudzula. Ena mpaka anandiyamikira kuti ndine wakhama. M'kalasi la Fomu 2 munali mnyamata wamanzere, wamanyazi, wosatha Chingerezi, koma mpira ukafika kuphazi lake anzake ankaima n'kumangoyang'ana. Ndinkati ndidzamutengera kuboma mayeso akatha. Mayeso anatha, ena anabwera, mnyamatayo anasiya sukulu, ndipo ndinamva kuti analowera ku Joni kukasaka maganyu. Sindikunena kuti akanakhala Gabadinho wachiwiri. Ndikunena kuti sitidzadziwa, ndipo amene anatseka chitsekocho ndine.

Timadzinamiza tikamati masewero amalanda nthawi ya maphunziro. Mwana amene tamuletsa kuthamanga Lachitatu sapita kukawerenga. Amapita m'nyumba zoonetsera kanema pa malo a malonda, kumene mpira wa ku England umaonetsedwa, ndipo kumeneko amaphunzira kubetcha. Ndaona anyamata olemba bwino mayeso a Fomu 4 akuthera ndalama ya thonje la makolo awo pa kapepala kolosera zigoli za matimu a m'mizinda imene sangathe kuiloza pa mapu. Ameneyo sakondanso mpira. Timu yake ikapambana ndi zigoli zochepa kuposa zimene analosera, amatukwana.

Kwa inu amene mwamaliza sukulu ndipo muli pakhomo kudikira zotsatira kapena ntchito, ndili ndi pempho. Pafupi nanu pali sukulu ya pulaimale yokhala ndi ana mazanamazana ndi aphunzitsi ochepa otopa. Pitani kwa mphunzitsi wamkulu mukapemphe ana a Sitandade 5 ndi 6, anyamata ndi atsikana omwe, kawiri pa sabata, dzuwa likapendeka. Phunzirani malamulo a mpira kuti muziimbira mwachilungamo, pakuti masewero ambiri a kumudzi amathera m'zibakera chifukwa woimbira ndi mlamu wake wa goloboyi. Lembani zotsatira m'kope, ndi mayina a omwetsa zigoli. Munthu wofufuza osewera akabwera, chimene adzafunse ndi chimenecho.

Kwa aphunzitsi anzanga a ku Mua, Mtakataka ndi Golomoti: sukulu zathu zandandalika m'mbali mwa msewu umodzi wa M5, ndipo zambiri n'zofikirika pa njinga. Ligi ya sukulu zisanu ndi imodzi, yosewera teremu imodzi, siifuna nduna kuti idzaitsegulire. Ifuna mipira, laimu wolembera mizere, ndi aphunzitsi okhulupirika osunga tsiku limene agwirizana. Tikaiyambitsa, pamenepo tidzakhala ndi nkhope yopitira kwa akuluakulu a Dedza Dynamos kukawapempha kuti, pokonzekera ligi, adzasewereko kamodzi kuno kuchigwa, ana athu adzaone kuti osewera a pa wailesi aja ali ndi miyendo iwiri ngati iwo. Sindikukhulupirira kuti angakane. Timu imene ikufuna ochemerera singanyoze anthu onse a kunsi kwa phiri.

Bullets sindidzaisiya, ndipo anzanga a Manoma asayembekezere kuti ndidzavala zabuluu. Koma Lachitatu likudzali kalasi langa la Fomu 4 lidzaweruka pa nthawi yake. A mfumu atilola kudula mitengo isanu ndi umodzi ya bulugamu, mnzanga wa sayansi walonjeza oyilo wakutha wopaka kunsi kwake kuti chiswe chisayandikire, ndipo mpira wobooka uja uli kwa wosoka nsapato pamsika.